Mmene mungapitire kwa munthu amene munayambana naye

M'matchalitchi mwathu muli anthu amene Lamulungu lililonse amaimba nyimbo imodzi, kumva ulaliki umodzi ndi kulandira Mgonero pa gome limodzi, koma mapemphero akatha wina amatulukira khomo lakutsogolo, wina lakumbali, kuti asakumane maso. Ena mwa iwo ndi a bere limodzi. Ena anali pa ubwenzi wa ponda apa nane mpondepo. Mukawafunsa amati, "Ine ndilibe naye chifukwa, ndinazisiya m'manja mwa Mulungu." Mawu amenewa ndinakhala ndikuwanena inenso kwa zaka ziwiri za mlamu wanga, pa nkhani ya matumba awiri a feteleza amene anabwereka osabweza. Ndinkadziona ngati munthu wofatsa, koma zoona zake n'zakuti ndinkaopa kupita.

Mu Uthenga Wabwino wa Mateyu, Yesu anaikhudza nkhaniyi kawiri. Pa 5:23-24 akulankhula kwa amene walakwira mnzake: ukafika ndi chopereka paguwa n'kukumbukira kuti mbale wako ali nawe chifukwa, chisiye pomwepo, upite ukayanjane naye, kenako udzapereke. Pa 18:15 akulankhula kwa amene walakwiridwa: pita ukamuonetse kulakwa kwake muli awiri. Onsewa auzidwa kuti anyamuke, ndipo palibe wapatsidwa mpando woti adikirirepo mnzake. Guwalo linali ku Yerusalemu, pamene Yesu ankalankhula ali ku Galileya, mtunda woposa makilomita 100, ulendo wapansi wa masiku atatu kapena kuposerapo. Munthu wa ku Galileya womva mawuwa anadziwa kuti akuuzidwa kubwerera mtunda wonsewo kukapepesa. Malangizo awa ndi a munthu amene wavomera kuti ulendowu ndi wake.

Choyamba: pezani chenicheni chimene chikukuwawani

Khalani panokha ndi pepala, mulembe zimene zinachitika. Muzigawe pawiri: zimene munaona kapena kumva nokha kuchokera pakamwa pa mwiniwake, ndi zimene munachita kuuzidwa. Ambiri amadabwa kuona kuti mbali ya "akuti" ndiyo yaitali. Mawu amene adutsa pakamwa pa anthu atatu asanakufikeni amakhala atathiridwa kale tsabola.

Kenako dzifunseni ngati nkhaniyo ikufunadi ulendo. Miyambo 19:11 imayamikira munthu wodziwa kunyalanyaza cholakwa. Wina sanakupatseni moni pamsika, kapena pamaliro anakugawirani ndiwo zochepa. Zoterezi zilekeni zipite. Koma ngati patha masabata awiri nkhaniyo ikukubwererabe usiku, ngati nkhope yanu imasintha mukamva dzina lake, ngati mwayamba kuzungulira njira kuti musadutse pakhomo pake, ndiye kuti simunainyalanyaze, mwangoikwirira. Paja mlandu suola.

Pansi pa pepalalo lembani mbali yanu. Yesu anati tiyambe tachotsa chipika cha m'diso mwathu tisanalimbane ndi kachitsotso ka m'diso la mnzathu (Mateyu 7:3-5). Mwina mnzanuyo analakwa kwakukulu, inu pang'ono chabe. Kapang'onoko n'kanu, ndipo ndi kamene mukayambire. Ine changa chinali chakuti ndinauza abale onse a mkazi wanga kuti mlamu ndi wakuba, ndisanamufunse n'komwe chimene chinamuvuta.

Chachiwiri: lekani kuifalitsa

Kuyambira lero, nkhaniyi musaiuzenso munthu wina. Miyambo 26:20 imati nkhuni zikasowa moto umazima, ndipo pakasowa wamiseche mkangano umatha. Kale amayi ankasinjirira anzawo m'nyimbo za pamtondo. Lero mtondo wathu ndi WhatsApp ndi Facebook, kumene munthu amaika vesi lonena za adani, aliyense n'kudziwa amene akunenedwa. Ngati munaika zoterezi, zichotseni. Ngati nkhaniyi inalowa mu gulu la banja la pa WhatsApp, musayankhenso pamenepo, ngakhale wina akuputeni chotani.

Pali njira inanso yofalitsira imene ife Akhristu timaikonda: kupempha mapemphero. Ku Mvano, ku Chigwirizano, ku mphakati kapena pa mapemphero a m'nyumba, munthu amaimirira n'kunena kuti, "Mundipempherere, apongozi anga akundizunza," n'kufotokoza zonse mwatsatanetsatane. Pofika madzulo apongozi aja amva. Ngati mukufuna mapemphero, nenani kuti muli ndi nkhani yofunika kukonza ndi m'bale, basi. Sankhani munthu mmodzi wokhwima maganizo, wosunga pakamwa, woti akulangizeni, makamaka amene angakuuzeni molimba mtima pamene inu mwalakwitsa.

Chachitatu: mupempherereni mom'tchula dzina

Pemphero lake lisakhale loti Mulungu amulange kapena amuchititse manyazi. Pemphererani munda wake, ana ake, thanzi lake, monga mmene mumadzipempherera nokha. Masiku oyamba dzinalo limakakamira pakhosi. Pitirizani kwa sabata yathunthu. Mukadzafika potchula dzina lake mtima osathamanga, konzekani ulendo.

Chachinayi: konzani nthawi, malo ndi kafikidwe

Musakambe nkhaniyi pamaliro, paukwati kapena pabwalo la tchalitchi anthu akutuluka. Musaikambe pamaso pa ana, kapena wina atamwa mowa, kapena munthu atangofika kuchokera kumunda ali ndi njala. Tumizani mawu achidule: "Achimwene, ndikufuna ndikuchezereni Loweruka masana, pali zoti tikambirane awiri. Kodi mupezeka?" Munthu wodzidzimutsidwa amangodziteteza, koma wodziwitsidwa amayamba kukonza mtima.

Pitani ndi miyendo yanu kunyumba kwake. Kum'itanitsa kwanu kumaoneka ngati mwam'itanira kubwalo. Ngati ali kutali, ku Johannesburg, ku Harare kapena ku Britain, muimbireni foni, mulankhulane mawu ndi mawu. Uthenga wolemba umawerengedwa ndi mtima umene wowerengayo ali nawo, ndipo umatumizidwa kwa ena mosavuta.

Pano tisaiwale ulemu wa kwathu. Mkamwini sangangotulukira pakhomo pa apongozi n'kuyamba kuwauza zolakwa zawo, ndipo mtengwa sangatero kwa apongozi ake aamuna. Mawu a Yesu oti mukhale awiri cholinga chake n'kusunga ulemu wa munthuyo. Choncho pamene mwambo sulola kukhala awiriwiri, dzerani mwa munthu mmodzi woyenera: mkazi kapena mwamuna wanu, nkhoswe, azakhali kapena amalume. Akhale mmodzi, osati mtundu wonse. Paulo anauza Timoteo kuti munthu wachikulire asamudzudzule mwaukali koma amudandaulire ngati bambo ake (1 Timoteo 5:1).

Kunyamula kenakake n'kwabwino, kaya nkhuku, kaya paketi ya shuga. Yakobo pobwerera kwa Esau atatha zaka 20 kwa Labani anatsogoza mbuzi, nkhosa, ngamira, ng'ombe ndi abulu. Koma ziwetozo sizinam'pitire m'malo. Anafika iye mwini, ngakhale anali atamva kuti Esau akubwera ndi amuna 400, ndipo anagwada kasanu ndi kawiri mpaka kufika pamene panali mkulu wake (Genesis 32 ndi 33).

Chachisanu: mawu oti mukanene

Apa ndi pamene maulendo ambiri amathera panjira, choncho konzekani mawu anu musananyamuke.

Mukalonjerana n'kufunsana za kunyumba, nenani chimene mwadzera, ndipo muyambe ndi ubalewo. "Alamu, ndabwera chifukwa kusalankhulana kwathuku kukundiwawa. Ine ndi inu sitinali chonchi." Kenako tchulani mbali yanu, mosabisa komanso mwachindunji. "Ndinakunenani kwa anthu kuti ndinu wakuba ndisanabwere kudzakufunsani. Ndinalakwa, ndinakuipitsirani mbiri. Pepani, mundikhululukire."

Pali timawu tiwiri timene timaononga kupepesa. Koyamba ndi "ngati". Munthu akati "ngati ndinakulakwirani, pepani," womvayo amadziwa kuti wolankhulayo sakuona cholakwa chilichonse. Kachiwiri ndi "koma". "Pepani, koma inunso munandiputa" ndi mlandu watsopano. Mwana wolowerera uja pobwerera kwa atate ake sanatchule za njala ya kudziko lakutali kapena za anzake amene anam'thera chuma. Anangoti wachimwira kumwamba ndi pamaso pawo (Luka 15:21).

Mukapepesa khalani chete. Mwina akutsanulirani zonse zimene wasunga kukhosi zaka zonsezi, zina zoona, zina zokokomeza. Musam'dule mawu, musam'konze masiku ndi manambala. Yakobo 1:19 imati tikhale ofulumira kumva, odekha polankhula, odekha pokwiya. Akamaliza, bwerezani zimene mwamva: "Ndiye kuti chimene chinakupwetekani kwambiri n'chakuti pamene mayi ankadwala ine sindinabwere kuchipatala?" Nthawi zambiri apa ndi pamene chenicheni chimatulukira, ndipo mumapeza kuti munthu amene mumati mukukangana naye za malire a munda akulira zinthu zina. Mlamu wanga anandiuza kuti fetelezayo anagulitsa kuti alipirire mwana sukulu, ndipo manyazi ndi amene anam'letsa kubwera. Zaka ziwiri zonse ine sindinadziwe.

Pambuyo pake ndi pamene mungatchule chimene iye anakulakwirani. Nenani chochitika chimodzi, ndi mmene chinakukhudzirani. "Pamene munanena pamaso pa anthu kuti ine ndinalodza mwana wanu, ndinasowa pogwira, ndipo ana anga akusekedwa kusukulu." Musanene kuti "inu nthawi zonse" kapena "mtundu wanu wonse ndi wotero." Musafukule za 2015 pamene mwabwerera za chaka chatha. Mawu akayamba kukwera, tsitsani anu. Mayankhidwe ofatsa amabweza mkwiyo (Miyambo 15:1). Zikafika poti simukumvananso, tsanzikani mwaulemu, mupemphe tsiku lina. Si nkhani zonse zimatha ulendo umodzi.

Akakupepesani, yankhani momveka kuti "ndakukhululukirani." Mawu oti "palibe kanthu" kapena "zinatha kale zimenezo" amasiya munthu asakudziwa pamene waima.

Chachisanu ndi chimodzi: bwezani chimene chingabwezedwe

Mikangano yambiri ya pachibale masiku ano ili ndi ndalama kapena malo pansi pake. Mnyamata ali ku Joni, akugwira ntchito usiku ndi usana, mwezi ndi mwezi akutumiza ndalama kwa mkulu wake kuti amumangire nyumba. Pobwera patatha zaka zinayi apeza maziko okha, udzu utamera. Kunena kuti "pepa mng'ono wanga, ndi Satana" sikukwanira. Levitiko 6:1-5 imakamba ndendende za munthu wonyenga mnzake pa chinthu chimene anam'sungitsa. Lamulo linali loti abweze chonse, aonjezepo limodzi la magawo asanu, ndipo kubwezako kunkayendera limodzi ndi nsembe yake yopepesera kwa Mulungu. Zakeyu wa ku Yeriko anapitirira pamenepo, nalonjeza kubweza kanayi kwa aliyense amene anam'bera (Luka 19:8).

Ngati muli ndi ngongole, khalani pansi muwerengere limodzi. Mukalephera kubweza zonse nthawi imodzi, nenani zimene mungathe pamwezi kapena mukakolola, muzilembe papepala, nonse musaine pamaso pa mboni imodzi. Ena amati kulemberana pachibale n'kusakhulupirirana. Ine ndaona kuti pepala limateteza chibale, chifukwa pakatha chaka aliyense amakumbukira zake. Gawo loyamba, ngakhale lochepa, liperekeni tsiku lomwelo kapena sabata yomweyo.

Ngati ndi malire a munda, itanani anyakwawa ndi akuluakulu amene akudziwa pamene makolo ankalekezera, muyende nawo m'mundamo, mubzale mitengo kapena khonje m'malire onse akuona. Ngati munatenga katundu wa masiye, malata, njinga, ziweto kapena nyumba, m'bwezereni mayiyo ndi ana ake. Ku Malawi lamulo la chuma cha masiye la 2011 limati kulanda katundu wotere ndi mlandu, ndipo m'Malemba nkhani ya amasiye Mulungu saitenga mopepuka. Ngati chimene munaononga ndi mbiri ya munthu, bwererani kwa anthu omwewo amene munawauza, mukawauze kuti munalakwa. Bodza lonenedwa pagulu silikonzedwa ndi kupepesa kwa kuseri kwa nyumba.

Inu wolakwiridwa muli ndi ufulu wochepetsa ngongoleyo kapena kuifafaniza. Mukatero, nenani poyera kuti mwaisiya, ndipo musadzaitchulenso tsiku lina mukapsa mtima.

Chachisanu ndi chiwiri: zikakanika, itanani mkhalapakati

Yesu anati akapanda kukumverani, tengani munthu mmodzi kapena awiri (Mateyu 18:16). Kwathu kuno njira imeneyi si yachilendo. Banja lili ndi ankhoswe a mbali zonse ziwiri, mbumba ili ndi mwinimbumba, mpingo uli ndi akuluampingo, akatekisiti ndi atsogoleri a miphakati. Chofunika n'kusankha bwino. Musatenge munthu woti akakuthandizeni kupambana. Tengani amene mnzanuyo amam'lemekezanso, ndipo mum'funse mnzanuyo ngati akuvomera munthu ameneyo. Ngati ndinu amene mwapemphedwa kukhala pakati, musaweruze mutangomva mbali imodzi, pakuti woyamba kufotokoza mlandu amaoneka wolungama mpaka mnzake atabwera kudzam'funsa (Miyambo 18:17). Perekani nthawi yofanana kwa onse, ndipo zimene mwamva zithere pomwepo. Paulo atamva kuti Euodiya ndi Suntuke asemphana ku Filipi sananene amene ali wolakwa. Anadandaulira aliyense payekha, napempha mnzake wa mumpingomo kuti awathandize (Afilipi 4:2-3).

Ntchito ya mkhalapakati imafuna kudekha. Anthu a ku Nsanje, Mwanza, Ntcheu ndi Dedza akukumbukira nkhondo ya ku Mozambique imene inathamangitsira kuno anthu pafupifupi 1 miliyoni. Zokambirana zothetsa nkhondoyo zinayamba mu July 1990 ku Rome, kumalo a gulu la Akhristu la Sant'Egidio, ndipo mmodzi mwa amkhalapakati anali Arkiepiskopi Jaime Gonçalves wa ku Beira. Joaquim Chissano, amene anali pulezidenti wa dzikolo, ndi Afonso Dhlakama, mtsogoleri wa gulu la Renamo limene linkamenyana ndi boma, anasaina pangano la mtendere pa 4 October 1992, patatha zaka ziwiri zobwerera pagome mobwerezabwereza. Ngati msonkhano woyamba wa abale awiri wathera m'malere, panganani tsiku lachiwiri musanabalalike.

Kukauza mpingo wonse ndi komalizira, ndipo kudzere mwa abusa kapena akuluampingo, osati m'chilengezo kapena mu umboni wa pa Lamulungu.

Pamene simuyenera kupita nokha

Ndiyenera kunena izi momveka, chifukwa amayi ambiri abwezedwa kwa amuna owamenya ndi mawu oti "banja n'kupirira." Ngati munthuyo amakumenyani, amakuopsezani ndi chikwanje, kapena wagwiririra mwana, musapite kukakhala naye awiri. Chokanipo, mupite pamalo otetezeka, mukanene ku polisi ku ofesi ya Victim Support Unit. Lamulo loteteza anthu ku nkhanza za m'banja lilipo ku Malawi kuyambira 2006, ndipo kuligwiritsa ntchito si tchimo. Nkhani ya kugwiririra mwana isathere pa ankhoswe kapena pa mbuzi ya chipepeso. Ndi ya kukhoti. Davide analeka kupha Sauli kawiri konse pamene mpata unalipo, komabe sanabwerere kukakhala m'nyumba ya munthu amene anam'ponyera mkondo. Yeremiya anadzudzula atsogoleri opoletsa bala la anthu pamwamba pokha, akumati mtendere, mtendere, pamene mtendere palibe (Yeremiya 6:14). Mungathe kum'khululukira munthu mumtima, kusiya kum'funira zoipa, koma osabwerera pansi pa denga lake mpaka kusintha kwake kutaoneka kwa nthawi yaitali, ndi anthu ena akuchitira umboni.

Akakana, ndiponso akavomera

Mwina muchita zonsezi iye n'kukutsekerani chitseko. Paulo analemba kuti ngati n'kotheka, monga mmene kukhalira kwa inu, khalani mwamtendere ndi anthu onse (Aroma 12:18). Mawu oti "ngati n'kotheka" akuvomereza kuti mbali ina ili m'manja mwa mnzanuyo. Yanu ndi iyi: m'patseni moni mukakumana ngakhale asayankhe, pitani pamaliro a kwawo, akadwala kazondeni kapena tumizani phala, ana ake musawaletse kusewera ndi anu. Pakatha miyezi itatu kapena inayi, gogodaninso.

Akavomera, musayembekezere kuti mawa zonse zibwerera mwakale. Esau ndi Yakobo anakumbatirana n'kulira, koma Esau anabwerera ku Seiri, Yakobo analowera ku Sukoti. Anadzakumananso poika maliro a bambo awo Isake (Genesis 35:29). Paulo ndi Barnaba anapatukana chifukwa cha Marko, ndipo panapita zaka Paulo asanalembe kuti am'bweretsere Marko chifukwa ndi wothandiza pa utumiki (2 Timoteo 4:11). Munthu amene anadya ndalama za nyumba mungam'khululukire lero, koma musam'patse msanga ndalama zina zoti asunge. Yambani ndi zazing'ono.

M'masabata oyamba chitani chinthu chooneka. Idyani nsima limodzi, khalani benchi limodzi kutchalitchi, uzani ana anu ndi onse amene munawadandaulira kuti nkhani ija inatha, kuti asapitirize kukumenyerani nkhondo imene inu mwaisiya. Ine ndinayenda nyumba zinayi za abale a mkazi wanga kukabweza mawu anga aja. Mlamu anabweza mtengo wa thumba limodzi atagulitsa soya, linalo ndinamuuza pamaso pa mkazi wanga kuti ndalisiya. Mvula isanagwe chaka chimenecho anabwera ndi mwana wake uja kudzandithandiza kufolera khitchini.